Kukonza mpikisano wa bowling ya mabotolo wopezera ndalama gulu la m'dera lanu ku Zomba

Magulu ambiri a m'madera kuno ku Zomba, kaya ndi sukulu ya mkombaphala, gulu losamalira ana amasiye kapena la achinyamata, amapunthwa pamwala umodzimodzi. Amakonza tsiku lopezera ndalama, anthu amabwera, nyimbo zimalira, koma pofika madzulo ndalama yathera kwa mwini zokuzira mawu, kwa mwini matenti ndi pa chakudya cha alendo olemekezeka. Sabata yotsatira komiti yayamba kulozana zala. Ndinakhalapo m'komiti ya sukulu ya mkombaphala imene inachita zotere. Yotsala sinakwane kugula phala la ana la mwezi umodzi, ndipo mabanja awiri anatha miyezi osapatsana moni.

Njira imene ndikufotokoza pano ndi bowling ya mabotolo. Bowling ndi masewera ogubuduza mpira kuti ukagwetse zinthu zoimikidwa kutsogolo. Yeniyeni imaseweredwa m'nyumba zokhala ndi makina oimika zogwetsazo, koma ife tikungobwereka malamulo ake. Amene munakulira kumudzi muona msanga kuti ndi mbale wake wa nsikwa, masewera aja ogwetsa zitsononkho. Ndimaikonda chifukwa agogo a zaka 70 angathe kugonjetsa mnyamata wa kabaza, pamene pa mpira wa miyendo amasewera ndi anyamata okha, ena tonse n'kumangoonerera.

Zofunika kukhala nazo

Mndandandawu ndi wa njira zitatu zogubuduzira mpira: ziwiri za mpikisano, imodzi ya ana ndi aliyense wofuna kuyesa.

- Mabotolo a pulasitiki a malita 2, ngati a Sobo, okhala ndi zitsekerero zake. Njira iliyonse imafuna 10, ndiye sonkhanitsani 36 kuti ena akhale apadera.
- Mchenga wouma, wilibala imodzi.
- Mipira 6 ya miyendo kapena ya basketball, ndi pampu.
- Nsungwi kapena matabwa otchingira m'mbali mwa njira.
- Matiresi akale kapena matumba odzaza udzu, otchingira kumapeto.
- Choko, penti pang'ono, tepi yoyezera ndi kamtengo kotalika masentimita 30.
- Bolodi lalikulu, wezulo, kope ndi zolembera.
- Mabuku a malisiti okhala ndi manambala.
- Bokosi la ndalama lokhala ndi maloko awiri.
- Chenje cha ma K100, K200 ndi K500.
- Foni yolandirira Airtel Money ndi TNM Mpamba.
- Ndowa za madzi akumwa, ndi ina ya mpopi yosambira m'manja pamodzi ndi sopo.

Anthu ogwira ntchito pa tsikulo asachepere 12: olandira ndalama awiri, mboni ziwiri zosakhala m'komiti, wolengeza mmodzi, wolemba pabolodi mmodzi, ndipo pa njira iliyonse woweruza mmodzi ndi woimika mabotolo mmodzi.

1. Gwirizanani chinthu chimodzi chimene mukagule

Musanapemphe ngakhale botolo limodzi, komiti ikhale pansi isankhe chinthu chimodzi chooneka ndi maso: malata a denga la khitchini, chimbudzi cha ana, mapoto akuluakulu ophikira phala. Anthu awiri apite akafunse mtengo m'masitolo awiri kapena atatu a m'tauni, abwere ndi mitengoyo yolembedwa papepala. Mtengo umenewo ndiwo muzilengeza paliponse.

Chenjerani: mawu akuti "tikufuna ndalama zotukulira gulu" satulutsa ndalama m'thumba la munthu, chifukwa sadziwa kumene idzathere. Mukati "tikufuna malata 24", munthu amadziwerengera yekha kuti angagule theka la lata.

Lamulo lachiwiri mulembe m'kope tsiku lomwelo: zolipira zonse zokonzekera zisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama imene mukuyembekeza.

2. Kapezeni eni dera

Yambani ndi amfumu, mutawadzera kwa nduna zawo monga mwa mwambo. Kenako khansala wa dera lanu, a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, abusa, ansembe ndi mashehe. Ngati mukufuna bwalo kapena holo ya khonsolo, kafunseni kukhonsolo ya mzinda wa Zomba, kapena ya boma ngati muli cha ku Thondwe, ku Songani, ku Jali kapena ku Domasi. Ngati ndi pasukulu, lembani kalata kwa aphunzitsi aakulu ndi komiti ya sukulu. Apolisi a pafupi nanu adziwitseni ndi kalata, ndipo mlangizi wa zaumoyo adziwe kuti padzagulitsidwa zakudya.

Chenjerani: musawatumizire uthenga wa pa WhatsApp okhaokha. Pitani ndi miyendo yanu, anthu awiri. Amfumu amene amva nkhani kuchokera kwa ana pamsewu sadzakuletsani, koma sadzakuitanirani anthu.

3. Sankhani tsiku ndi malo

Mvula ya ku Zomba mukuidziwa. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mitambo ingatsike paphiri masana dzuwa likuwala, ndipo ndi nthawi yomwenso anthu ali kumunda, m'matumba mulibe kanthu. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Seputembala, anthu atakolola. Mu Juni ndi Julayi kumazizira ndiponso kumada msanga, ndiye yambani 12 koloko kuti 5 koloko mukhale mutawerenga kale ndalama.

Tsiku la m'sabata ndilo lovuta. Lachisanu masana abale athu Achisilamu ali kumzikiti, Loweruka a Seventh Day ali ku Sabata, Lamulungu m'mawa ena onse ali kutchalitchi. Lamulungu masana kuyambira 1 koloko limakomera ambiri, kapena tsiku la tchuthi monga 14 Meyi kapena 6 Julayi. Sankhaninso tsiku lapafupi ndi malipiro a kumapeto kwa mwezi, popeza Zomba ndi mzinda wa aphunzitsi, asilikali, apolisi, anamwino ndi ogwira ntchito kuyunivesite.

Malo akhale a simenti yosalala: holo, khonde lalitali la sukulu kapena bwalo la netball. Ikani mpira pansi osaukankha. Ukayamba kuyenda wokha, malowo ndi otsetsereka, funani ena. Kwa ife okhala m'munsi mwa phiri malo otere ndi ambiri.

Chenjerani: konzeranitu tsiku lachiwiri ndipo mulilembe pa malisiti. M'dera mukagwa maliro, masewera amaima, palibe kukambirana. Wolipira kale adziwe kuti ndalama yake ikugwirabe ntchito tsiku linalo.

4. Pemphani zinthu m'malo mwa ndalama

Mwini golosale amene angakukanizeni K10,000 amapereka mosavuta paketi ya shuga kapena sopo. Mphoto zikhale zopemphedwa zonse: ndowa, chitenje, nkhuku, thireyi ya mazira. Zokuzira mawu bwerekani kumpingo kapena kumzikiti, mipando kusukulu. Mabotolo auzeni ana abweretse, ndipo mwana wobweretsa awiri apatsidwe kaponyedwe kaulere pa tsikulo.

Wina akati "ndidzakupatsani mbuzi", thokozani, koma musailembe pa mndandanda wa mphoto isanamangidwe pakhomo pa msungichuma. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

5. Konzani mabotolo ndi njira

Tsukani mabotolo, aume bwino. Thirani mchenga wofanana m'botolo lililonse, poyezera kapu imodzi. Yambani ndi makapu awiri, tsekani, muimike 10, kenako mayi wachikulire ndi mnyamata aponye kasanu aliyense. Ngati aliyense akugwetsa onse, onjezani mchenga. Ngati mpira ukungogunda n'kubwerera, chepetsani. Mufuna pamene munthu wamba agwetse 5 kapena 6 pa kuponya koyamba. Kuyesaku kuchitike sabata imodzi tsiku lisanafike, pamalo omwewo ndi mipira yomweyo.

Kaimikidwe ndi ka makona atatu: kutsogolo botolo 1, kumbuyo kwake 2, kenako 3, pomaliza 4. Pa bowling yeniyeni zogwetsazo zimatalikirana pafupifupi masentimita 30 kuchokera pakati pa china kufika pakati pa chinzake, ndipo kamtengo kaja ndi ka ntchito imeneyi. Malo a botolo lililonse dontholizanipo penti, pakuti choko chimafufutika mpira ukadutsa kangapo. Simentiyo ngati ndi ya eni, pemphani kaye kapena matani tepi.

Njira yeniyeni ndi ya mamita 18 kuchokera pamzere woponyera kufika pa chogwetsa choyamba, ndipo m'lifupi imangopitirira pang'ono mita imodzi. Ndi mpira wa miyendo mamita 18 ndi ambiri. Akuluakulu apatseni 9, ana 5. Goneketsani nsungwi m'mbali, matiresi kumbuyo kwa mabotolo.

Chenjerani: mchenga wonyowa umalemera mosiyana ndipo umagwirana mbali imodzi. Musathirenso madzi m'malo mwa mchenga, chifukwa botolo limodzi likaphulika simenti imaterera ndipo agogo angagwe.

6. Sakanizani matimu

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene komiti zambiri zimachita ulesi. Mukangoti "lembetsani matimu", aphunzitsi adzabwera okhaokha, amayi a Mvano okhaokha, anyamata a kabaza okhaokha. Adzasewera, adzapita, ndipo mawa lake adzadutsana pamsewu ngati kale.

Timu ikhale ya anthu 4. Anthu alembetse awiriawiri ndi amene amamasuka naye. Pa tsikulo, mapepala a mayina a awiriawiriwo aikidwe m'ndowa ziwiri: ina ya achikulire, ina ya achinyamata. Mwana wa pasukulu ya mkombaphala atole pepala limodzi m'ndowa iliyonse, timu yapangika. Motero munthu ali ndi mnzake womudziwa, komanso ali ndi awiri achilendo amene ayenera kuwafunsa dzina.

Ndinaona ndi maso anga mayi wina wogulitsa matemba, amene anali ndi chizolowezi chokalipira ophunzira a payunivesite ochita lendi pafupi ndi nyumba yake chifukwa cha phokoso, atagwera timu imodzi ndi awiri mwa iwo. Poyamba anakhala pambali atapinda manja. Kuponya kwachiwiri anamanga chitenje m'chiuno, anavula masilipasi, anagubuduza mpira ndi manja awiri pang'onopang'ono, mabotolo onse mbwee! Mnyamata uja anathamanga n'kugwada, akuwomba m'manja: "Amayi, tiphunzitseni!" Kuyambira pamenepo anali kuwakonza mkono mmodzimmodzi, "mwanawe, usamaponye ngati ukugenda mango." Madera ngati Chikanda, kumene ophunzira ndi eni nyumba akhalirana khomo ndi khomo, kusakaniza kotereku n'kofunika kwambiri.

Timu iliyonse ipatseni mphindi 10 yosankha dzina ndi kaimbidwe kake kochemerera. Mphindi zimenezo musazidule, ndi pamene anthu amayamba kuyankhulana.

Chenjerani: mwambo ulemekezedwe. Mkamwini akagwera timu imodzi ndi apongozi ake, kapena mayi akaona kuti sangamasuke ndi amene wagwera nawo, asinthidwe mwakachetechete popanda kufunsidwa chifukwa pa zokuzira mawu. Wolumala kapena wodwala msana aloledwe kuponya atakhala pampando pamzere womwewo.

7. Lengezani malamulo, akhale ochepa

Pa bowling yeniyeni munthu amakhala ndi magawo 10, pagawo lililonse aponya kawiri, ndipo wogwetsa onse kamodzi amawonjezeredwa zimene agwetse pa kuponya kuwiri kotsatira, mpaka wokhoza kwambiri kufika 300. Kuwerengera kumeneko kumasokoneza anthu pagulu. Chitani chonchi:

Wosewera aliyense akhale ndi magawo 3, pagawo aponye kawiri. Botolo limodzi ndi pointi imodzi. Wogwetsa onse psiti pa kuponya koyamba apate 15. Wogwetsa onse pa kuponya kuwiri apate 12. Mpira ugubuduzike pansi, wouluka suwerengedwa. Woponda mzere wataya kuponyako. Botolo lotsamira koma losagona silinagwe. Mabotolo ogwa achotsedwe asanaponye kachiwiri. Matimu akafanana, timu iliyonse isankhe munthu mmodzi aponye kamodzi.

Matimu awiri a anthu 4 pa njira imodzi amatenga pafupifupi mphindi 30. Ndi matimu 16 ochotsana pali masewera 15, ndipo pa njira ziwiri zimenezi ndi maola anayi. Ngati nthawi yanu ndi yochepa, lembani matimu 8, muthe m'maola awiri. Timu yogonja ipatsidwe kaponyedwe kaulere pa njira yachitatu kuti isanyamuke msanga.

Chenjerani: woweruza asakhale ndi m'bale wake pa njira imene akuweruza, ndipo mapointi alembedwe pabolodi nthawi yomweyo, aliyense akuona.

8. Gwirani ndalama pamalo amodzi

Ndalama zimalowera makomo anayi. Loyamba ndi kulembetsa. Mwachitsanzo, osewera 64 akapereka K2,000 aliyense, ndi K128,000. Mtengo wake muone nokha malinga ndi dera lanu, koma usakhale wothamangitsa amayi a geni. Lachiwiri ndi njira yachitatu, yolipira pang'ono pa kuponya kuwiri. Imeneyi musaipeputse, ana ndi makolo awo amabwererabwerera. Lachitatu ndi zakudya: mandasi, zitumbuwa, zigege, chipisi, thobwa. Lachinayi ndi perekaniperekani, amene aliyense amamudziwa kuchokera ku maukwati. Wina akagwetsa onse, wolengeza aitane anzake adzamufupe, ndalamazo zigwere m'lichero la gulu. Muthanso kulola timu kugulira munthu wake kuponya kowonjezera kamodzi kokha pamasewera, koma osati pa masewera omaliza.

Tebulo la ndalama likhale limodzi. Wofuna kuponya kapena kudya agule tikiti patebulopo, akapereke tikitiyo kwa woweruza kapena kwa wogulitsa. Woweruza ndi wophika asagwire ndalama. Lichero la perekaniperekani liwerengedwe pamaso pa mboni likangochoka pabwalo, chiwerengero chilembedwe m'kope, ndalama ilowe m'bokosi. Kiyi wina akhale ndi msungichuma, wina ndi mboni yosakhala m'komiti.

Za foni: nambala ikhale imodzi ya Airtel Money ndi imodzi ya Mpamba, zolembedwa pabolodi ndi dzina limene lituluke potumiza. Ngati ndi nambala ya munthu, aonetse mboni ndalama imene ilimo masewera asanayambe, ilembedwe. Wina akati watumiza, onani uthenga pa foni ya gulu ndi ndalama yotsala, osadalira uthenga umene akukuonetsani pa foni yake, pakuti mauthenga abodza alipo. Kumbukiraninso kuti potapa ndalama kwa ejenti pamakhala yodulidwa, ndiye muilembe pa zolipira.

Chenjerani: nyama ikhale yophedwa mwa Chisilamu, ndipo nkhumba ndi mowa zisapezeke pabwalo. Mukaphonya apa mwatsekera kunja mabanja ambiri a ku Zomba, ndipo sadzakuuzani chifukwa chake, adzangosowa.

9. Werengani ndalama anthu asanabalalike

Mphoto musapereke musanawerenge ndalama, chifukwa mphoto zikangoperekedwa anthu amanyamuka. Masewera omaliza akatha, ikani tebulo pakati pa bwalo. Mboni ziwiri ziwerenge mokweza, wolemba alembe pabolodi: za kulembetsa, za njira yachitatu, za zakudya, za perekaniperekani, za pafoni. M'munsi mwake alembe zolipira chimodzichimodzi, kenako yotsala. Yerekezani ndi malisiti. Pakasowa K500, nenani pomwepo kuti yasowa K500. Anthu amakhululuka yosowa imene auzidwa, imene amakwiya nayo ndi yomva mphekesera.

Wapampando, msungichuma, mboni ndi nthumwi ya amfumu asayine m'kope. Jambulani bolodilo, chithunzi chipite m'magulu a WhatsApp a m'dera usiku womwewo. Ndalama ikasungidwe kubanki tsiku loyamba logwira ntchito, anthu awiri apite limodzi.

10. Gulani msanga, muitane anthu adzaone

Pasathe masabata awiri musanagule chimene munalonjeza, mitengo siidikira munthu. Ngati ndalama sinakwane malata 24, gulani 15 amene yakwanitsa, munene poyera kuti atsala 9. Tsiku lokhoma, itanani matimu aja adzathandize monga anagwera, osati monga mipingo kapena ntchito zawo. Onse amene anapereka shuga, mipando kapena zokuzira mawu apitiridwe pakhomo kukathokozedwa, mutanyamula pepala losonyeza mmene ndalama yayendera.

Mabotolo musataye. Asungidwe kusukulu ya mkombaphala, ana aziwerengera, ndipo achinyamata azibwereka Lamulungu masana.

Zolakwika zofala

Kudikira mlendo wolemekezeka. Mwati 1 koloko, bwana afika 3 koloko, masewera omaliza achitikira mumdima ndipo ndalama ziwerengedwa ndi tochi ya foni. Yambani pa nthawi yake, akafika adzaponya mpira wake. Zoyankhula zikhale ziwiri zokha, za amfumu ndi za wapampando, pambuyo pa pemphero.

Kulola ndale kulowa. Phungu kapena khansala akabwera, alandiridwe ngati aliyense, alipire, asewere. Nsalu, zipewa ndi nyimbo za chipani zisapezeke. Tsiku likangooneka ngati msonkhano wa chipani china, theka la dera silidzabweranso.

Kuphikira komiti chakudya chapadera. Ogwira ntchito amwe thobwa ndi mandasi awiri, zilembedwe pa zolipira. Mpunga ndi nkhuku za komiti anthu amaziona, ndipo amaziwerengera.

Kulekerera kubetcha. Anyamata ena amayamba kuikirana ndalama m'mbali mwa njira, ndipo ndewu zambiri zimayambira pamenepo. A chitetezo cha m'mudzi auzidwiretu. Ngati mukufuna kugulitsa matikiti a mwayi opatira mphoto, yambani mwafunsa ku Malawi Gaming and Lotteries Authority, chifukwa zimenezo zili ndi malamulo ake.

Kulembetsa pa ngongole. "Ndipereka mawa" wa pa tsiku la masewera sabwera, ndipo msungichuma ndiye amatsala akudana ndi anthu. Wosowa ndalama koma wofunitsitsa kusewera agwire ntchito yoimika mabotolo kwa ola limodzi, kapena wina amulipirire poyera.

Kuiwala oimika mabotolo. Ntchitoyi ndi yowerama kosalekeza, ndipo mwana mmodzi sangaigwire maola anayi. Asinthane pakatha masewera awiri aliwonse, aime kumbali osati kumbuyo kwa mabotolo, ndipo woponya adikire wezulo.

Kujambula ana osapempha. Ngati gulu lanu limasamalira ana amasiye kapena odwala, musawaimike kutsogolo kuti anthu awamvere chisoni, ndipo zithunzi zawo zisaikidwe pa Facebook popanda chilolezo cha owalera. Asewere pa njira yachitatu limodzi ndi ana ena onse, pamzere womwewo wa mamita 5.